Chimbale Chimene Anachikonza ku Msika wa Tsoka

Ine ndi mnzanga wapamtima tinadziwana chifukwa cha nyimbo, ndipo tinatsala pang'ono kutayana chifukwa cha nyimbo zomwezo.

Tinakumana tili fomu wani pa sekondale ina yoyendera muno mu Lilongwe. Tsiku limenelo aphunzitsi anatitulutsa m'kalasi tonse awiri, iye chifukwa chogogoda desiki ngati ng'oma, ine chifukwa chong'ung'udza mawu a nyimbo imene ankagogodayo. Titafika panja tinayang'anizana n'kuyamba kuseka. Nyimboyo inali ya mnyamata wina wa rapu wa mumzinda momwe muno, amene nthawi imeneyo anali asanatchuke. Atsikana anzathu ankakonda nyimbo zachikondi ndi zauzimu. Ife awiri tinali a rapu, ndipo tinkadziona ngati ozindikira kuposa sukulu yonse.

Kenako moyo unatipatsa njira zosiyana. Iye sukulu anailekera panjira bambo ake atamwalira, n'kuyamba kugulitsa nsapato za kaunjika ku msika wa Tsoka. Ine ndinapitirira, ndinapeza ntchito mu ofesi ina ku City Centre, nyumba n'kuipeza ku Area 14. Anthu akamva Area 14 amaganiza kuti zako zinayera, koma ine ndinkakhala kuseri kwa nyumba ya eni ake, m'kachipinda komwe kale munkagona wantchito wa m'maluwa, moyandikana ndi khola la agalu. Mnzangayo ankadziwa bwino zimenezi, koma sankaleka kundinena. Ndikangotulukira pa benchi pake ankauza oyandikana nawo kuti asese, kwabwera a kumpanda.

Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kupita kutauni, kuwoloka mtsinje pa kamlatho ka matabwa kogwedera kolowera mumsikamo, n'kukakhala pa thumba la nsapato kuseri kwa benchi yake. Ntchito yanga inali kulowetsa zingwe m'nsapato zotsukatsuka ndi kutsutsana naye. Tinkakangana pa chilichonse: woyimba uti amalavula mawu bwino, uti amangokuwa, uti wayamba kudzimva. Tikatopa tinkagula tchipisi cha pachiwaya n'kudyera m'pepala limodzi, mkangano uli m'kati. Ku ofesi ndimalankhula mosamala ngati ndasenza mazira. Pa thumba paja ndi pokhapo pamene ndinkatsegula pakamwa osayamba ndayeza mawu. Ndinalibe munthu wina wotero, ndipo mpaka pano ndilibe.

Ndiye mnyamata wathu uja, amene tsopano anali bambo wa ndevu zake, anatulutsa chimbale chatsopano atakhala chete kwa zaka. Ine ndinagula bandulo ya intaneti tsiku lomwelo, ndinaweruka msanga, ndinatseka chitseko kuti agalu asandisokoneze, n'kuvala mahedifoni.

Nyimbo yoyamba inayamba ndi mvula. Mvula yeniyeni, yogwa pa malata. Ndinadikira ng'oma, mvula ikungogwa. Ndinapita kukatereka madzi a tiyi, pobwera ndinapeza ikugwabe. Itakata kunamveka munthu akukhoma chitini, ngati aja opanga ndowa ndi mbaula, ndipo pamwamba pa kukhomako woyimba wathu anayamba kulankhula ndi mawu okoka, olemera, ngati wailesi yotha mabatire. Nyimbo ina inangoti zii pakati, moti ndinayang'ana foni kuona ngati yathima, koma patapita nthawi inapitirira ngati palibe chachitika. Ina munali nkhuku. Ina inathera pakati pa liwu. Pa chimbale chonsecho nyimbo imodzi yokha ndiyo inali ndi ng'oma zoti munthu n'kugwedeza mutu.

Ndinapsa mtima. Munthu ndamutsatira kuyambira ndili mu yunifomu, ndamuikira kumbuyo kwa amayi anga amene ankati rapu ndi ya osuta chamba, lero azindimveretsa nkhuku? Ndinavula mahedifoni n'kumwa tiyi wanga wopanda shuga, chifukwa ndi ukali ndinaiwala kuthira.

Sindinali ndekha. Mzinda unagawikana pakati. Pa wailesi ankangoika nyimbo imodzi ya ng'oma ija, kenako n'kutsegula mafoni kuti anthu alankhule. Wina ankati mwana uja wapenga, wina ankati walowa zachilendo amutengere kwa abusa, wina ankati amene sakuchimva chimbalechi akhale chete chifukwa si cha ana. Ku ofesi kwathu nthawi ya tiyi inasanduka bwalo la milandu. Kunali mnzathu wina wa ku Area 9, wophunzira kunja, amene ankatsinzina akamachitchula.

"Iyi ndi art, guys," ankatero. "Simungaimve ndi makutu okha."

Ndinamufunsa kuti nanga tizimva ndi chiyani, zigongono? Dalaivala wa pa ofesi, bambo wosalankhulalankhula, anati iwo chimbalecho amachiika m'galimoto tsiku lililonse ndipo n'chovinika zedi. Tonse tinawayang'ana, ine n'kuganiza kuti akungofuna kulowa nawo m'gulu la ozama. M'magulu a pafoni zinalinso chimodzimodzi. Ena ankalemba kuti avina mpaka thukuta, ena n'kuwayankha kuti asiye bodza, ena n'kutulukamo m'gulu. Ine ndinkangodikira Loweruka kuti ndikachinyoze chimbalechi pamodzi ndi munthu amene amandimvetsa.

Loweruka limenelo magetsi anali atathima, kotero masipika onse a mumsika anali du. Ndisanakhale n'komwe, mnzanga anandigwira mkono.

"Iwe, chimbale chija ndi moto. Dzulo ndavina mpaka chitenje kumasuka."

Ndinaseka, poganiza kuti akunena mwachipongwe. Nditaona nkhope yake ndinazindikira kuti akunenadi zoona, ndipo mtima wanga unagwa. Ndinaganiza kuti nayenso wayamba matenda a ku ofesi aja, otamanda chinthu chifukwa choopa kuoneka wotsalira.

"Usandinamize ine," ndinatero. "Chimene chija ndi phokoso lokhalokha. Munthu wa makutu abwino sangamvere."

"Msika wonse uno ukuvina. Ndiye kuti tonse muno tilibe makutu?"

"Mwina phokoso la muno linakugonthetsani."

Ndinanena moseka, monga tinkanenerana masiku onse. Koma iye sanaseke. Anasiya kupukuta nsapato n'kundiyang'ana.

"Eya, ndaiwala. Anthu a kumpanda mumafuna nyimbo zonunkhira perefyumu. Zimene tikukonda ife akumsika ndi phokoso."

Mpaka lero ndimati amene anaipitsa nkhani ndi iyeyo, iye amati ndine. Chimene ndikudziwa n'chakuti tchipisi tsiku limenelo sitinadye. Ndinamaliza zingwe za nsapato imene inali m'manja, ndinanena kuti ndili ndi zochapa kunyumba, ndipo iye sanandiperekeze pa kamlatho.

Loweruka lotsatira sindinapite. Linzake sindinapitenso. Ndinkamulembera pafoni kumufunsa za ana ake, iye n'kuyankha kuti, "Ali bwino, kaya inu madamu." Mawu amenewo ankandilasa kuposa kutukwana. Tinakanganapo kambirimbiri pa nyimbo, nthawi zina mpaka anthu kutizungulira, koma sizinafikepo pamenepa. Ndinayamba kuopa kuti mwina nyimbo yangoulula chinthu chimene chinalipo kale, kuti tasiyanadi, kuti iye akandiona amaona mlendo wovala za ku ofesi. Ku ntchito ndinkayenda wapansi, poti Area 14 ndi City Centre n'pafupi, ndiye kutauni ndinalibe chondipititsa. Loweruka ndinkakhala pakhonde kuonerera agalu a eni nyumba akudya. Ndinamusowa kwambiri mnzanga.

Tsiku lina chidendene cha nsapato yanga ya ku ntchito chinathyoka. Pafupi ndi ofesi pali wosoka nsapato waluso, koma ndinamudutsa ngati sindikumuona. Ndinadziuza kuti nsapatoyo yatha, ndikufunika ina, ndipo nsapato zabwino zili ku Tsoka.

Anandiona ndikadali patali. Sanauze aliyense kuti asese. Anaimirira bwinobwino, manja kumbuyo, monga amachitira ndi kasitomala wachilendo.

"Takulandirani madamu. Saizi yanji?"

Saizi yanga ankaidziwa kuposa ine mwini. Ndinaitchulabe, ndipo anandipatsa nsapato yakuda kuti ndiyese. Ndinakhala pa kampando ka makasitomala, osati pa thumba langa. Tsiku limeneli magetsi analipo, ndipo pa benchi yoyandikana, ya bambo wogulitsa mathalauza a majini, sipika inali kugunda nyimbo ina yokoma modabwitsa. Ng'oma zake zinali zonona, woyimba akuthamanga ndi mawu ngati akuthawa mvula. Phazi langa la nsapato yoyesa lija linayamba lokha kugunda pansi. Pofuna kupeza poyambira nkhani, ndinafunsa.

"Koma iyi ndiye nyimbo. Ndi ndani ameneyu?"

Mnzanga anandiyang'ana ngati ndamuponda chilonda.

"Wabwera kudzandiseka?"

"Ndikufunsa zenizeni."

"Si phokoso lako lija ili? Si chimbale chija umati ndi cha anthu ogontha?"

Ndinatchera khutu. Mawu ndinawazindikira, anali a nyimbo yoyamba ija, yonena za mayi wokazinga mandasi m'bandakucha. Koma mvula panalibe, wokhoma zitini panalibe, ndipo woyimba sanali kukoka mawu. Ndinatulutsa foni yanga, ndinamuveka mahedifoni, n'kuyatsa nyimbo yomweyo.

Anamvetsera. Anadikira. Anayang'ana kumwamba, kunja kuli dzuwa lang'aa. Anachotsa hedifoni imodzi, kuigwedeza, kuibwezera.

"Foni yako yafa iwe."

"Siinafe. Dikira, kukubwera wokhoma ndowa."

Wokhoma uja atayamba, mnzanga anatsegula pakamwa osatseka. Mawu okoka aja atalowa, anakhala pansi pa mulu wa nsapato. Ndinadumphitsa mpaka pa nkhuku. Apo ndiye anagwa chagada ndi kuseka, miyendo m'mwamba, nsapato zikugubuduka, ine nanenso misozi ili chuchuchu. Bambo wa majini anabwera kudzaona ngati kwagwa zovuta, tinamuveka mahedifoni nayenso, ndipo anangoti pepani, chimenechi si chimbale chimene iye akuchidziwa.

"Iwe unachitenga kuti chako?" ndinamufunsa mnzanga titapezako mpweya.

"Kwa amayi aja obena nyimbo. Aliyense muno amatenga konko."

Anasiyira bambo wa majini benchi kuti amuyang'anire, n'kundikoka dzanja. Ndinayenda msika wonse nsapato zosiyana, ina yanga ina yoyesa.

Kwa amene sadziwa, anthu ambiri kutauni nyimbo samvera pa intaneti. Amatenga memori khadi kapena flashi kupita nayo kwa obena, amene amawathiriramo nyimbo kuchokera pa kompyuta. Amayi amenewa anali ndi kakontena kumapeto kwa msika, kodzaza ndi mafoni a anthu ali pa chaji. Anali a thupi lawo, magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, ndipo kompyuta yawo inkalira ngati chigayo chaching'ono. Tinawafotokozera nkhani yonse tikulandizana mawu. Iwo anamvetsera modekha, osadabwa ngakhale pang'ono.

"Chimene chija chinabwera chowonongeka, ana anga," anatero. "Oyamba amene ndinawathirira anabwerera tsiku lomwelo, ati mwatiikira vayilasi. Wina wa minibasi anati chitayamba kukhoma, apaulendo anayamba kutsika poganiza kuti injini yagwa. Ndiye ndikanatani? Ndinakhala pansi n'kuchikonza."

"Munachikonza bwanji amayi?"

"Mvula ndinachotsa. Nkhuku ndinachotsa. Pamene panali zii ndinalumikiza. Mawu aja ndinawathamangitsako kuti azimveka ngati munthu wamoyo. Ng'oma ndinatenga za nyimbo imodzi ija inapulumuka, n'kuziyala pansi pa zinzake zonse."

Ananena kuti ntchito imeneyi amaichita nthawi zonse. Makwaya akajambula nyimbo wina n'kutsokomola, amachotsa chifuwacho. Nyimbo za pa ukwati zikakhala zozizira, amazitenthetsa pang'ono. Anatembenukira kwa mnzanga n'kumufunsa ngati iye nsapato amaziika pa benchi zosatsuka, mmene zatulukira m'belo. Anawonjeza monyadira kuti obena anzawo onse, mpaka a kudepoti, anadzakopera kwa iwo, chifukwa chawo chokha ndicho chinali chabwinobwino.

"Koma amayi," ndinatero, "sichinawonongeke. Mwiniwake anachipanga dala chonchija."

Anavula magalasi.

"Dala? Ndi nkhuku yomwe?"

"Ndi nkhuku yomwe."

Anapukuta magalasiwo ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye kuti mwana ameneyo alibe omulangiza. Mukakumana naye mumuuze kuti asadandaule, ndinamukonzera."

Tinatuluka m'kakontena muja titagwirana kuti tisagwe. Ndinakumbukira dalaivala wa ku ofesi uja, ndi anthu onse a m'magulu a pafoni amene ankatchulana abodza, aliyense akunena zoona za chimbale chake. Theka la mzinda linkavina ntchito ya mayi wa magalasi a ulusi, theka lina likutsinzina kumvetsera mvula, onse akulumbira pa dzina la munthu mmodzi.

Titabwerera pa benchi, mnzanga anakankha kampando ka makasitomala ndi phazi n'kundilozera thumba. Anatuma tchipisi. Kenako anati akufuna kumva chimbale chenichenicho kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadumphitsa. Ndinamuchenjeza kuti ataya nthawi yake. Anatenga hedifoni imodzi, ine inzake, mitu yathu n'kugundana.

Mvula ija itayamba sanasekenso. Anaweramitsa mutu. Patapita nthawi anati mvula imeneyi akuidziwa, ndi ya pa malata akale opanda siling'i, ngati a nyumba imene ankakhala bambo ake ali moyo, mvula imene inkati ikagwa usamve zimene mnzako akunena. Wokhoma zitini anati ndi aja a kuseri kwa msika waukulu, kakhomedwe kawo amakamva tsiku lililonse pobwera. Mawu okoka aja atayamba kunena za mayi wa mandasi, anati umu ndi mmene munthu amalankhulira akadzuka kusanache kwa zaka zambiri. Pamene nyimbo inati zii, iye sanayang'ane foni. Anangokhala, maso ali pa nsapato, ndipo ndinaona kuti m'maso mwake mwalengeza misozi.

"Ichi ndiye chimbale," anatero pomaliza. "Amayi aja anachiwononga."

"Wayamba misala," ndinatero. "Amayi aja anamupulumutsa munthuyu. Chawo chija ndikukathiritsa lero lomwe."

"Iwe sumva nyimbo. Sunayambe wamvapo."

"Ine? Amene ndinakuphunzitsa mawu a nyimbo uli pa desiki?"

Tinasinthana mbali, basi, mkangano n'kuyambiranso pamene unalekera. Koma pakati pake anatsitsa mawu, osandiyang'ana, akuchita ngati akusankha tchipisi.

"Ndimaganiza kuti ukunyoza ife, osati nyimbo. Ndimati basi, wapita ameneyu."

"Nanenso ndimaganiza kuti watopa nane," ndinatero.

Anandikankhira pepala la tchipisi, n'kunena kuti nkhuku ija ili ndi tanthauzo. Ndinati nkhuku tanthauzo lake ndi ndiwo. Anakweza mawu, nanenso ndinakweza, bambo wa majini analowererapo kumbali yanga, mayi wogulitsa zikwama analowa kumbali yake ngakhale anali asanamve chilichonse. Mtima wanga unali mbee, ndinali wokondwa ngati mwana.

Nthawi yonseyi panali mayi wina ataima kutsogolo kwa benchi, atanyamula nsapato ya mwana, akudikira kuti wina amuone. Atatopa anafunsa mwaulemu ngati pali wogulitsa, kapena abwerenso ndewu ikatha.

Mnzanga anatembenuka, hedifoni ikulendewera kukhutu.

"Pepani amayi, tayesani kaye inzakeyo, ndikubwera. Si ndewu iyi. Ndikulankhula ndi m'bale wanga."